Lamulo latsopano lafika, koma kodi mwana wovutika maganizo aonana ndi ndani?

M'chaka cha 2025 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza lamulo latsopano loona za thanzi la m'maganizo. Lamuloli linabwera kudzalowa m'malo mwa lakale la mu 1948, limene linalembedwa m'nthawi ya atsamunda, pamene wodwala maganizo ankaonedwa ngati munthu woyenera kutsekeredwa kuti asasokoneze anzake. Dziko la Zambia linachita zofananazo mu 2019. Malamulo atsopanowa amaika patsogolo ufulu ndi ulemu wa wodwala, ndipo kumeneku ndi kusintha kwakukulu.

Komabe kholo limene mwana wake wasiya kudya, wasiya kuyankhula ndi anzake, kapena akudzuka usiku uliwonse akukuwa, silifunsa za ndime za lamulo. Limafunsa kuti: ndikapita naye kuchipatala, tikaonana ndi ndani, ndipo adzamuchita chiyani? Mmodzi mwa anthu amene anaphunzitsidwa kuyankha funso limeneli ndi katswiri wa zamaganizo, amene pa Chingerezi amatchedwa clinical psychologist. Nkhani ino ikufotokoza ntchito yake pakati pa ana ndi achinyamata, chifukwa chake akatswiri otere ndi ochepa m'chigawo chathu, ndiponso njira imene ochepawo angathandizire ana ambiri.

Kukula kwa vutoli

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Limanenanso kuti pafupifupi theka la matenda a maganizo amayamba munthu asanapitirire zaka 14, ndi kuti kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimatenga kwambiri miyoyo ya anthu a zaka 15 mpaka 29.

Kwathu kuno pali zinthu zina zimene zimawonjezera katundu pa mwana. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2014, wokhudza achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi HIV ndipo ankalandira chithandizo m'Malawi, anapeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 alionse anali ndi matenda okhumudwa. Kafukufuku wina wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amene anatuluka mu 2010, anatsatira ana amene anachira malungo ogwira ubongo. Ena mwa anawo pambuyo pake anayamba kugwa khunyu, ena anatsala ndi zilema, ndipo ena anasintha khalidwe, n'kukhala aukali ndi osakhazikika. Kutsekedwa kwa sukulu kwa miyezi ingapo mu 2020 chifukwa cha Covid-19 kunatsatiridwa ndi kuchuluka kwa mimba ndi maukwati a ana. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kum'mwera, ndipo ana ambiri a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe anaona matope akukokolola nyumba ndi abale awo.

Chovuta n'chakuti mwana sanena kuti ali ndi nkhawa. Wamng'ono amadandaula m'mimba kapena mutu, amayambiranso kukodza pogona, amakakamira amayi ake. Wokulirapo amajomba kusukulu, amayamba ndewu, amalephera mayeso amene kale ankakhoza, kapena amayamba chamba ndi mowa. Pakhomo zimenezi zimatchedwa mwano, ulesi kapena kulodzedwa, ndipo mankhwala ake amakhala chikwapu. Pamene banja likufika kuchipatala, nthawi zambiri papita miyezi kapena zaka.

Katswiri wa zamaganizo ndi ndani?

Anthu ambiri amasokoneza maudindo a ogwira ntchito za thanzi la m'maganizo, choncho ndi bwino kuwasiyanitsa. Psychiatrist ndi dokotala amene anamaliza maphunziro a udokotala kenako n'kuphunzira mwapadera za matenda a maganizo. Iye amayeza thupi ndipo amalemba mankhwala. Ma clinical officer ndi anamwino ophunzira za matenda a maganizo ndi amene amapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma, ndipo ndi amene akusenza gawo lalikulu la ntchitoyi m'Malawi. Ku Mozambique ntchito yotereyi imagwiridwa ndi ma técnico de psiquiatria. Opereka uphungu amaphunzira kwa nthawi yocheperapo, ndipo amathandiza anthu kulimbana ndi mavuto monga imfa, matenda ndi mikangano ya m'banja.

Katswiri wa zamaganizo amayamba ndi digiri yoyamba ya maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, kenako digiri yachiwiri ya ntchito ya m'chipatala, kenakonso amagwira ntchito moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha. Ku South Africa, mwachitsanzo, akamaliza digiri yachiwiri amakhala chaka chimodzi akuphunzira ntchito m'chipatala ndi chaka china akutumikira m'chipatala cha boma, ndipo amayenera kulembetsa ku bungwe la HPCSA. Salemba mankhwala ndipo sabaya jakisoni. Sawerenganso za mumtima mwa munthu mwamatsenga, monga ena amaopera. Zida zake ndi kufunsa, kumvetsera, kuonetsetsa, kuyeza ndi mayeso okonzedwa mwaukatswiri, ndi kupereka chithandizo cha kukambirana chimene chinayesedwa n'kupezeka kuti chimagwira ntchito.

Zimene zimachitika pa ulendo woyamba

Kukumana koyamba kumatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo nthawi zina kuyeza kumafuna maulendo awiri kapena atatu. Katswiri amacheza ndi kholo ndi mwana pamodzi, kenako ndi aliyense payekha. Amafunsa za mimba ndi kubadwa kwa mwanayo, nthawi imene anayamba kukhala, kuyenda ndi kuyankhula, matenda amene anadwalapo monga malungo aakulu kapena kukomoka, amene amakhala naye pakhomo, imfa kapena kusamuka kumene kwachitika, ndi mmene akuchitira kusukulu. Kholo likalola, amafunsanso aphunzitsi, chifukwa mwana wa pakhomo ndi wa m'kalasi nthawi zina amakhala ngati anthu awiri.

Mwana wamng'ono sakhazikidwa pampando n'kumafunsidwa ngati wamkulu. Amapatsidwa pepala ndi pensulo, zidole kapena timitengo, ndipo katswiri amaona mmene akusewerera, zimene akujambula, ndi mmene akuchitira amayi ake akatuluka m'chipinda. Kholo lina limadabwa kuti lawononga ndalama ya basi kuti mwana adzasewere, koma kwa mwana wa zaka 5 masewera ndiwo chiyankhulo.

Pamakhalanso mayeso oyezera kakulidwe, nzeru ndi luso la kuphunzira. Apa pali vuto limene makolo ayenera kulidziwa: mayeso ambiri anakonzedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo amafunsa zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo. Mwana wanzeru akhoza kuoneka ngati wotsalira chabe chifukwa cha chithunzi chachilendo. N'chifukwa chake akatswiri anakonza muyezo wa Malawi Developmental Assessment Tool, umene unasindikizidwa mu 2010, woyezera kakulidwe ka ana aang'ono pogwiritsa ntchito zinthu ndi zochita zimene ana a kuno amazidziwa. Chiyankhulo nachonso ndi nkhani. Mawu amodzi a Chingerezi onena za matenda okhumudwa alibe mnzake mmodzi m'Chichewa. Anthu amati akuganiza kwambiri, mtima ukuwawa, thupi lafooka, kapena sakuona tulo. A ku Zimbabwe amati kufungisisa. Katswiri wabwino amayamba ndi mawu amene banja likugwiritsa ntchito.

Akasonkhanitsa zonsezi, sathamangira kutchula dzina la matenda. Amayesa kuyankha mafunso anayi: n'chiyani chinachititsa kuti mwanayu akhale wosavuta kugwidwa ndi vutoli, n'chiyani chinaliyambitsa, n'chiyani chikulipitiriza, ndipo n'chiyani chikumuteteza?

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 13 amene wasiya kumwa ma ARV ndipo sakufuna kupita kusukulu. Anabadwa ndi kachilomboka ndipo amayi ake anamwalira ali wamng'ono. Zimenezi zinamusiya wofooka. Mnzake wa m'kalasi anaona botolo la mankhwala m'chikwama chake n'kuuza ena. Chimenechi ndicho chinayambitsa. Akakhala pakhomo amapewa kusekedwa, mtima umakhala pansi kwa tsikulo, koma mantha a mawa amakula, ndipo azakhali ake akamukalipira amadzitsekera kwambiri. Zimenezi ndizo zikupitiriza vutoli. Koma ali ndi agogo amene amamukonda, ndipo amaimba kwaya. Zimenezi ndizo zomuteteza. Mukaona nkhani yake motere, njira imaoneka: kukambirana ndi azakhali, kulankhula ndi mphunzitsi wamkulu, kumulowetsa mu Teen Club kumene akakumane ndi anzake omwa mankhwala omwewo, ndi kumuthandiza kubwerera kusukulu pang'onopang'ono. Kumuuza kuti amwe mankhwala basi sikukanakhudza muzu wa nkhaniyo.

Chithandizo chopanda jakisoni

Chithandizo cha kukambirana chimasiyana ndi malangizo a kwa ankhoswe kapena a kutchalitchi, ngakhale kuti amenewonso ali ndi malo ake. Chili ndi cholinga, ndondomeko ndi mapeto. Njira yodziwika kwambiri ndi CBT, imene imaphunzitsa mwana kuona mgwirizano wa zimene akuganiza, zimene akumva mumtima ndi zimene akuchita. Mwana wa mantha amathandizidwa kuyandikira chimene amaopa sitepe ndi sitepe: lero afike pachipata cha sukulu, mawa alowe kwa ola limodzi, mpaka thupi lake litaphunzira kuti mantha amakwera kenako amatsika okha. Wachinyamata wokhumudwa amathandizidwa kuyambiranso zinthu zimene zinkamusangalatsa ngakhale asanayambe kuzifuna, chifukwa chilakolako chimabwera pambuyo pa kuchita.

Kwa mwana amene anagwiriridwa, anamenyedwa koopsa kapena anaona imfa yoopsa, pali CBT yokonzedwera zoopsa zotere. Mwana amayamba waphunzira kukhazika thupi ndi mtima pansi, kenako amafotokoza zimene zinachitika pang'onopang'ono, m'mawu kapena m'zojambula, mpaka chikumbukirocho chitasiya kumulamulira. Womulera amaphunzitsidwa pambali kuti adzathe kumva nkhaniyo popanda kukomoka kapena kumuimba mlandu. Chithandizo chotere chimatenga milungu pafupifupi 12 mpaka 16, kukumana kamodzi pa mlungu.

Pa mavuto a khalidwe mwa ana aang'ono, amene amaphunzira kwambiri ndi kholo. Limaphunzitsidwa kuyamikira mwana akachita bwino, kupereka lamulo limodzi lomveka m'malo mwa asanu, ndi kulanga popanda kumenya. Zimenezi sizitanthauza kuti kholo ndilo lolakwa. Katswiri amaona mwana ola limodzi pa mlungu, pamene kholo limakhala naye maola ena onse.

Mankhwala amafunika nthawi zina, makamaka pa khunyu ndi pa matenda aakulu osokoneza maganizo, ndipo pamenepo katswiri amatumiza mwana kwa dokotala. Koma malangizo a WHO otchedwa mhGAP amanena kuti ana osakwana zaka 12 asapatsidwe mankhwala a matenda okhumudwa, ndi kuti kwa achinyamata chithandizo cha kukambirana chiyambe, mankhwala a fluoxetine aganiziridwe pambuyo ngati sichinathandize. Tanthauzo lake n'lakuti pamene palibe munthu wodziwa kupereka chithandizo cha kukambirana, chithandizo choyambirira cha ana palibe.

Nkhani ya chinsinsi imavuta makolo ambiri. Zimene wachinyamata wanena m'chipinda sizitulutsidwa popanda iye kudziwa, chifukwa popanda chitetezo chimenechi sanganene zoona. Koma chinsinsichi chili ndi malire, ndipo katswiri amawafotokoza pa tsiku loyamba: ngati moyo wa mwanayo kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena ngati mwanayo akuchitidwa nkhanza, katswiri amayenera kudziwitsa amene angamuteteze. M'Malawi chitetezo cha ana chimayendetsedwa ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Chifukwa chake akatswiriwa ndi ochepa

Kuphunzitsa katswiri mmodzi kumatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo. Akatswiri oyamba a ku Malawi anakaphunzira ntchitoyi kunja, ndipo kwa zaka zambiri dzina limene anthu ankalimva m'manyuzipepala ndi pa wailesi linali la Pulofesa Chiwoza Bandawe wa ku sukulu ya zaudokotala ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Amene amaliza maphunziro amakokedwa ndi mayunivesite, mabungwe omwe si aboma, zipatala zolipira ndi mayiko akunja, chifukwa kumeneko n'kumene kuli malo a ntchito ndi malipiro. Malipoti a WHO amasonyeza kuti maboma a pa dziko lonse amaika pafupifupi 2 pa 100 ya ndalama zaumoyo ku thanzi la m'maganizo, ndipo m'mayiko osauka zimachepera pamenepo. Zochepazo zimathera m'zipatala zikuluzikulu zogonekera odwala.

Chithandizo chapadera chilinso m'mizinda. M'Malawi muli Zomba Mental Hospital, zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi kiliniki ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Zambia kuli Chainama Hills ku Lusaka, ndipo ku Zimbabwe kuli Ingutsheni ku Bulawayo. Zipatala zakale za boma zimenezi zinamangidwa poganizira akuluakulu odwala kwambiri. Chithandizo cha mwana chimafuna kubwera mlungu uliwonse kwa miyezi itatu. Banja la ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Lundazi silingakwanitse ulendo wotere, ngakhale chithandizocho chitakhala chaulere, pakuti basi si yaulere, ndipo tsiku la kuchipatala ndi tsiku lotayika kumunda ndi kusukulu.

Choncho ngakhale sukulu zathu zitayamba kutulutsa akatswiri ambiri chaka chino, sipadzakhala katswiri pa chipatala chaching'ono chilichonse m'badwo wa ana a lero usanakule. Funso lenileni ndi lakuti ochepa amene alipo agwiritsidwe ntchito motani.

Phunziro la ku Lusaka, Harare ndi Eastern Cape

Yankho lina linachokera m'chigawo chathu chomwechi. Ku Lusaka kunachitika kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2015, wokhudza ana 257 a zaka 5 mpaka 18 amene anakumana ndi zoopsa. Theka la anawo linalandira CBT ya zoopsa kuchokera kwa alangizi wamba, anthu opanda digiri ya zamaganizo koma ophunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa mosalekeza. Theka lina linalandira chisamaliro cha masiku onse. Zizindikiro za vutoli zinatsika ndi pafupifupi 82 pa 100 m'gulu loyamba, pamene m'gulu lachiwiri zinatsika ndi 21 pa 100.

Ku Harare, Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa kiliniki n'kuthandiza anthu kuthetsa mavuto awo m'magawo asanu ndi limodzi. Zotsatira za mu 2016 zinasonyeza kuti akuluakulu amene anathandizidwa motere anapeza bwino kuposa anzawo, ndipo njirayi yakonzedwanso kuti ifikire achinyamata. Ku Eastern Cape ku South Africa, pulogalamu ya Sinovuyo Teen inayesedwa pa mabanja 552, ndipo zotsatira za mu 2018 zinasonyeza kuti kuphunzitsa makolo ndi achinyamata pamodzi, kudzera mwa anthu a m'dera lomwelo, kunachepetsa nkhanza pakhomo.

Ena amati chimenechi ndi chithandizo cha osauka: mwana wa wolemera aonane ndi katswiri, wa mlimi aonane ndi mlangizi wa milungu iwiri. Dandaulo limeneli lili ndi mfundo, ndipo siliyenera kunyozedwa. Chimene chinachititsa kuti ntchito ya ku Lusaka iyende si maphunziro a masiku ochepa aja okha, koma kuti mlangizi aliyense ankakhala pansi ndi womuyang'anira kawirikawiri, n'kufotokoza za mwana aliyense, n'kuwongoleredwa. Mukachotsa kuyang'anirako, mumatsala ndi munthu wa mtima wabwino amene angakakamize mwana wogwiriridwa kufotokoza zonse pa tsiku loyamba, kapena kulephera kuzindikira wachinyamata amene akuganiza zodzipha. Kugawana ntchito sikuchotsa katswiri, koma kumasintha malo ake.

Katswiri woikidwa bwino amagwira ntchito zitatu. Amaona yekha ana amene nkhani zawo ndi zovuta: oganiziridwa kuti ali ndi autism kapena vuto la kuphunzira, amene anayesapo kudzipha, amene nkhani zawo zili kukhoti, ndi amene sanapeze bwino ndi chithandizo choyamba. Amaphunzitsa anamwino, alangizi a zaumoyo a m'midzi, otsogolera ma Teen Club ndi aphunzitsi, kuphatikizapo a maphunziro apadera monga amene amachokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Ndipo amayang'anira onsewa mwezi ndi mwezi, pamaso kapena pa foni. Katswiri wokhala m'chipinda tsiku lonse angaone ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Yemweyo akamayang'anira alangizi 20, dzanja lake limafika kwa ana a boma lonse.

Ntchitoyi ndi yolemera. Munthu womva nkhani za kugwiriridwa ndi imfa tsiku ndi tsiku amatopa mumtima, ndipo n'chifukwa chake mwambo wa ntchitoyi umafuna kuti katswiri nayenso akhale ndi mnzake womuyang'anira. Katswiri mmodzi wosiyidwa yekha pa chigawo chonse sachedwa kusiya ntchito.

Zimene tiyenera kuyang'anitsitsa

Ngati lamulo latsopano lidzafike kwa ana, zidzaoneka pa zinthu zooneka ndi maso. Choyamba, kodi boma latsegula malo a ntchito a akatswiri a zamaganizo m'zipatala za m'maboma, ndi malipiro ake? Chachiwiri, kodi pali ndalama ya mafuta ndi ya foni yoyendetsera ntchito yoyang'anira alangizi? Chachitatu, kodi mwana wofunika kugonekedwa ali ndi malo ake osiyana ndi a akuluakulu? Chachinayi, kodi ntchitoyi ili m'bajeti ya boma kapena ikudalira mapulojekiti? Kuimitsidwa kwa thandizo la boma la America kumayambiriro kwa 2025 kunagwedeza ntchito zambiri za HIV m'chigawo chino, ndipo uphungu wa achinyamata ambiri umadutsa m'ntchito zimenezo. Chithandizo cha milungu 12 chikadukira pa mlungu wachinayi, mwana amatsala ndi bala lotsegula.

Amenewa ndi mafunso amene makomiti a zipatala, mafumu, magulu a amayi a pa sukulu ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo angafunse.

Zimene mungachite monga kholo kapena womulera

Musadikire kuti katswiri afike m'dera lanu. Pitani ndi mwana kuchipatala chapafupi ngati kusintha kwa khalidwe, tulo, kadyedwe kapena maphunziro kwatenga milungu iwiri kapena kuposerapo. Ngati akulota zoopsa ndi kudzidzimuka patapita mwezi chichitikire ngozi. Ngati akuchedwa kuyankhula kapena kuyenda poyerekeza ndi anzake. Kapena ngati wasintha atachira malungo aakulu. Pemphani kuonana ndi namwino kapena clinical officer woona za matenda a maganizo pa chipatala cha boma lanu. Iye ndi amene angakutumizeni patsogolo. Tengani buku la kuchipatala la mwanayo, malipoti a kusukulu ndi mankhwala alionse amene akumwa, kuphatikizapo a zitsamba. Musabise kuti munapita kwa asing'anga kapena kumapemphero; wogwira ntchito wabwino sakudzudzulani, ndipo zimamuthandiza kumvetsa mmene banja likuonera vutoli.

Muli ndi ufulu wofunsa: vutoli mukuliona bwanji, chithandizo chitenga nthawi yaitali motani, ine ndichite chiyani pakhomo, ndipo tidzadziwa bwanji kuti akupeza bwino? Ngati amene akuthandiza mwana wanu ndi mlangizi, mungafunsenso kuti amamuyang'anira ndani. Mwana akayamba kupeza bwino musasiye maulendo musanakambirane ndi womuthandiza.

Zinthu ziwiri sizidikira mawa. Mwana akanena zofuna kufa kapena kudzipha, mukhulupirireni. Kumufunsa mwachindunji ndi modekha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira khomo loti ayankhule. Musamusiye yekha, tsekerani kutali mankhwala a kuchipatala ndi a kumunda, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana akagwiriridwa, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Malo a One Stop Centre, monga Chikwanekwane ku Queen Elizabeth, amaphatikiza achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu pamalo amodzi. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandizira ana m'Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Amene mukukhala ku Britain mudzamva dzina lakuti CAMHS, ndipo njira yofikirako imadutsa kwa dokotala wa banja kapena kusukulu.

Musalole kuti mwana wakhunyu, wa autism kapena wosintha khalidwe atchedwe mfiti. Kuneneza munthu ufiti ndi mlandu m'malamulo a Malawi, ndipo kwa mwana dzina limenelo limavulaza kuposa matendawo.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nkhawa imene ingathe ndi maulendo khumi mwana ali ndi zaka 9 ingamuchotse pa sukulu ali ndi zaka 15. Lamulo la mu 2025 lanena kuti wodwala maganizo ndi munthu wa ufulu. Chatsala ndi kuonetsetsa kuti pa chipatala chimene mayi angafikeko wapansi pali munthu wodziwa kumvetsera mwana, ndipo kumbuyo kwa munthuyo kuli katswiri amene amamufunsa mwezi uliwonse kuti mwana uja akupeza bwanji.